Chiromo, Port Herald ndi madzi a Shire: mmene boma la Nsanje linakhalira pamene lilipo

Bambo wina wa ku Makhanga, m'dera la Mfumu Yaikulu Mlolo, wafunsa kuti: "Agogo anga ankakonda kunena kuti boma lathu kale linali pa Chiromo pompa, ndipo la ku Nsanje linabwera pambuyo. Kodi ndi zoona? Nanga atsamunda anaganiza bwanji pokaika boma kumunsi kwenikweni, kufupi ndi malire, mpaka ife a tsidya lino tizichita kuwoloka madzi kuti tikasainitse kalata? Dzina loti Port Herald linachokera kuti?"

Bambo, agogo anuwo sanakunamizeni, kungoti nkhaniyi anaidula pakati. Pa Chiromo panalidi boma, lokhala ndi bwana wake, kasitomu ndi positi ofesi, ndipo m'zaka za m'ma 1890 Chiromo inali yotchuka kuposa Port Herald, amene lero ndi Nsanje. Koma boma silinanyamule katundu kuchoka pa Chiromo kupita ku Nsanje monga limasamukira banja. Maboma awiriwa anayamba pafupifupi nthawi imodzi, lililonse ndi dera lake, kenako lina linakhazikika pamene linzake linafota. Amene anagamula mlanduwu ndi madzi a mu Shire: pamene sitima inkalekezera, ndi pamene azungu ankamanga.

Chigwachi sichinayambe ndi azungu. Eni nthaka akale ndi Amang'anja, nthambi ya Amaravi, ndipo mtsinjewu iwo ankautchula kuti Tchiri. Ufumu waukulu unali wa Lundu, amene likulu lake linali ku Mbewe ya Mitengo, m'dera limene lero ndi Chikwawa, ndipo kumunsi kuno mfumu yomveka inali Tengani. Mtima wa dziko unali ku Khulubvi, nkhalango ya kachisi wa Mbona, mzimu wa mvula, imene ili kufupi ndi boma la lero. Mvula ikakana kapena dzombe likagwa, nsembe zinkapita kumeneko, ndipo mafumu anali ndi udindo wokonzanso kachisiyo ndi kupereka Salima, mkazi wa Mbona. Mpaka lero wolowa ku Khulubvi amavula nsapato n'kuvala nsalu yakuda. Anthu ankalima kawiri: kumphala nthawi ya dzinja, kumene ankadzala mapira ndi mchewere, ndi kudimba madzi akaphwera, pa dothi lonyowa limene mtsinje wasiya. Ankaomba nsalu za machira ndi thonje lolima okha, ankasula makasu, ndipo amayi ankapanga mchere popala dothi la mchere, kuliika mumphika wobowola pansi, kuthira madzi monga amachitira potcheza chidulo, n'kuwiritsa madziwo mpaka mchere wokha utatsala. Malonda onsewa ankayenda pa mabwato, ndipo bwato silidandaula ndi madzi ofika m'mawondo. Vuto la kuya kwa mtsinje linabwera ndi sitima.

Sitima yoyamba inali Ma-Robert ya David Livingstone, imene inakwera Shire mu Januwale 1859. Inadutsa pa mudzi wa Tengani, pamene anthu anasonkhana pagombe ndi mauta, n'kukafika pa mathithi amene iye anawatcha Murchison, omwe ife timati Kapichira. Pamenepo ndi pamene sitima iliyonse yochokera kunyanja ya mchere imathera ulendo. Zaka zotsatira zinali zoopsa. Kumunsi kunali Paul Mariano, amene anthu ankamutcha Matekenya, wogwira akapolo. Kumapiri kunali nkhondo ya Ayao. Pamwamba pa izi panagwa chilala cha 1862 ndi 1863, mpaka mitembo inkayandama mu Shire. Bishopu Charles Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pa chilumba cha pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo anaikidwa m'manda kufupi ndi kwanuko.

M'dziko losweka chonchi ndi mmene Magololo anadzukira. Anali amuna ochepa, osakwana 20, amene Livingstone anabwera nawo kuchokera kumtunda kwa Zambezi, ndipo iye atachoka mu 1864 anatsala ndi mfuti zawo. Anthu othawa njala ndi ukapolo anathamangira kwa iwo, ndipo posachedwa anagwetsa ufumu wa Lundu n'kugawana chigwa kuyambira ku Kapichira mpaka pa Ruo. Maina awo mukuwadziwa chifukwa ambiri ndi maina a mafumu a ku Chikwawa lero: Kasisi, Katunga, Maseya, Mulilima. Panalinso Mlauli, ndi Chiputula amene anakhazika mphamvu zake pa Chiromo mpaka pamene mzungu wamalonda George Fenwick anamuwombera mu 1884. Ruo anasanduka malire osalembedwa: kumtunda kwake Magololo, amene ankadzitcha abwenzi a Angerezi, kumunsi kwake dziko limene Apwitikizi ndi eni maprazo (minda ikuluikulu imene boma la Portugal linkapereka kwa anthu ake) ankati ndi lawo. Kufunika kwa Chiromo kunayambira pamenepa.

Mu 1889 malirewo anayesedwa ndi mfuti. Serpa Pinto anakwera Shire ndi gulu lalikulu la asilikali a Apwitikizi. John Buchanan, amene ankagwirizira udindo wa kazembe wa Angerezi ku Blantyre, analengeza kuti dziko la Magololo ndi mapiri a Shire zili m'manja mwa Britain. Mu Novembala anthu a Mlauli anamenyana ndi Apwitikizi kumunsi kwa Ruo ndipo anaphedwa ambiri. Apwitikizi anawoloka, kulanda Chiromo, n'kukafika mpaka kwa Katunga. Pa 11 Januwale 1890 boma la ku London linalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake, ndipo Portugal inagonja.

Apa pali mfundo imene a ku Nsanje ambiri saidziwa, koma ndi imene inabala boma lawo. Pangano loyamba, la mu Ogasiti 1890, linajambula malire kuchokera pa mathiriro a Ruo kulunjika kumadzulo cha ku Zambezi. Likanagwira ntchito, tsidya lonse la kumadzulo kumunsi kwa Chiromo, ndiye kuti kwa Tengani, kwa Malemia, Khulubvi ndi kwa Ndamera, likanakhala Mozambique. Nyumba ya malamulo ya ku Lisbon inakana panganolo. Lachiwiri, la pa 11 Juni 1891, ndi limene lilipo mpaka lero: malire amatsika ndi Ruo, n'kutsata pakati pa Shire mpaka kumunsi pang'ono kwa Chiwanga, kenako n'kukhotera kumadzulo kukakwera mapiri amene amagawa madzi a Shire ndi a Zambezi. N'chifukwa chake Nsanje pa mapu imaoneka ngati mchira wolowa mu Mozambique, mtsinje kum'mawa, mapiri kumadzulo.

Mchira umenewu unafunika mlonda. Sitima yochokera ku Zambezi ikangodutsa malire, gombe la Angerezi linali limodzi lokha, la kumadzulo, ndipo chigawo chake choyamba ndi dambo la Ndindi, mabango ndi matope, kopanda poimika nyumba. Kumtunda kwa dambolo gombe limakwera ndithu n'kuuma, moti sitima ikhoza kukocheza, kutsitsa katundu ndi kupakira nkhuni. Pamalo amenewo, makilomita pafupifupi 26 kuchokera pamalire pa Marka, ndi pamene panakhala Port Herald. Dzinali ndi la sitima. Mu 1890 Britain inatumiza sitima ziwiri zankhondo, Herald ndi Mosquito, kuti zizilondera Zambezi ndi Shire, ndipo dokolo analitcha dzina la yoyambayo. Panalibe mzungu wotchedwa Herald amene anakhalapo, ngakhale ena amaganiza choncho.

Harry Johnston, bwanamkubwa woyamba, anafika pa Chiromo mu Julayi 1891. Pogawa dziko m'maboma 12, chigwa chino anachidula patatu: Lower Shire likulu lake Port Herald, Ruo likulu lake Chiromo, ndi West Shire likulu lake Chikwawa. Taonani kuti onse atatu ndi madoko. Mkulu wa boma masiku amenewo sankatchedwa DC. Dzina lake linali Collector of Revenue, wotolera ndalama, ndipo dzinalo likunena poyera ntchito imene anabwerera. Wa pa Chiromo, Hugh Charlie Marshall, anali yemweyo wa kasitomu, wa positi ndi woweruza milandu. Zidindo zakale za makalata a pamenepo zinkalembedwa Tshiromo. Mawu oti boma nawo ndi a Chiswahili, kutanthauza linga kapena mpanda wa mitengo, chifukwa maofesi oyamba ankazingidwa choncho. Zoti ndi chidule cha mawu a Chingerezi ndi nkhani imene anthu anapeka pambuyo pake.

Chiromo inaposa inzake chifukwa ndi malo oyamba pamene magombe onse awiri a Shire anali a Angerezi, komanso chifukwa cha mmene ulendo wa katundu unkayendera. Sitima zapanyanja ya mchere zinkatula pa Chinde, doko la pamene Zambezi amathira m'nyanja ya mchere, pamene Angerezi anabwereka malo kwa Apwitikizi kuti katundu wopita ku British Central Africa, dzina la dziko lino nthawi imeneyo, asalipire msonkho wa ku Mozambique. Kuchokera apo katundu ankakwera sitima za mumtsinje, za pansi pophwatalala, zokhala ndi gudumu lalikulu lopalasa madzi kumbuyo. Zinkayendera nkhuni, choncho m'mbali mwa mtsinje munali malo ogulitsirapo mitolo ya nkhuni, ndipo mitengo ya m'magombe inatha msanga. Katundu wambiri sankakhala m'sitima mwenimwenimo koma m'mabwato akuluakulu achitsulo omangiriridwa m'nthiti mwake. Usiku sitima inkagona pagombe chifukwa woyendetsa amafunika kuona mtundu wa madzi. Kutsogolo kunkaima munthu ndi nsungwi yaitali, kumaimiza n'kumafuula kuya kwake. Akalakwitsa, sitima inkakwera pa mchenga. Zikatero anthu ankatsikira m'madzi, m'mene muli ng'ona, ena kukankha, ena kunyamula nangula kukamuponya kutsogolo kuti makina akoke chingwe sitima idzikwekwese yokha. Zikakanika ankapungula katundu, kumutula pagombe, n'kumupakiranso kutsogolo. Ulendo wa masiku owerengeka m'dzinja unkatha milungu m'chilimwe.

M'zaka za m'ma 1880 sitima za African Lakes Company, imene tonse timaidziwa kuti Mandala, zinkafika kwa Katunga, ndipo amtengatenga ankasenza katundu wa makilogalamu pafupifupi 25 aliyense kukwera phiri kupita ku Blantyre. Msewu umene Captain Sclater analambula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890 unatsata njira yomweyo, ndipo Chikwawa inakhala boma chifukwa cha doko limeneli. Koma madzi anayamba kuchepa. Shire amachokera m'nyanja ya Malawi, ndipo nyanjayi imakwera ndi kutsika pa zaka makumi angapo. Kuyambira m'ma 1890 inali kutsika, n'kufika pansi penipeni cha m'ma 1915, pamene mchenga ndi mabango zinatseka potulukira pake ndipo madzi a m'nyanja anasiya kuyenda bwino mu Shire kwa zaka pafupifupi 20. Mtsinje wa kuchigwa unatsala kudalira mitsinje yothiramo, ndipo waukulu mwa iyo ndi Ruo, wochokera ku Mulanje. Kumtunda kwa Chiromo kuli dambo lalikulu la Elephant Marsh, m'mene mtsinje umagawanika timifuleni tambirimbiri tosaya. Kumunsi kwake madzi a Ruo amawonjezera. Choncho sitima zikuluzikulu zinayamba kulekezera pa Chiromo, ndipo katundu ankasinthira m'mabwato ang'onoang'ono opalasa ndi nsungwi. Pamene katundu amasinthira ndi pamene pamamera nyumba zosungiramo katundu, masitolo a Amwenye, malo ogona alendo ndi ntchito za maganyu. Imeneyo ndiyo Chiromo imene agogo anu anaimva kwa makolo awo.

Njanji ndi imene inaimaliza. Kampani ya Shire Highlands Railway, ya Eugene Sharrer, inayamba ntchito mu 1903, ndipo mapulani anali oti njanji iyambire pa Chiromo kukwera ku Blantyre. Madzi anapitiriza kutsika mpaka zitsulo za njanji yomweyo zinkavuta kufika pa Chiromo. Anakakamizika kumanga mlatho pa Shire ndi kutsitsa njanji makilomita ena pafupifupi 48 mpaka ku Port Herald. Pofika 1908 sitima ya pamtunda inkayenda mtunda wonse wa mamailosi 113, kapena kuti makilomita 182, kuchokera ku Port Herald kukafika ku Blantyre. Kuyambira pamenepo katundu ankangodutsa pa Chiromo ali m'mabogi. Siteshoni inalipo, koma panalibenso chifukwa chotsitsira kanthu. Patapita nthawi boma la Ruo linathetsedwa, ndipo dera la tsidya lanulo, Chiromo, Makhanga ndi Muona, linakhala pansi pa Port Herald. Nthawi imeneyo pa Chiromo panali mlatho: munthu wa kwa Mlolo ankatha kukwera sitima pa Chiromo n'kukatsika pakhomo pa boma tsiku lomwelo. Nzeruyo inali yomveka pokhapokha mlatho ndi njanji zili zamoyo.

Port Herald nayo sinadyerere udoko nthawi yaitali. Mtsinje unaphwerabe, moti miyezi yambiri ya chaka sitima sizinkafika. Pofika 1915 njanji ina, Central Africa Railway, ya mamailosi 61, inali itatsika kuchokera ku Port Herald mpaka ku Chindio pa Zambezi. Mu 1922 njanji ya Trans-Zambezia inalumikiza Beira ndi tsidya lina la Zambezi, chaka chomwecho namondwe anaphwasula Chinde, ndipo mu 1935 mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wa makilomita pafupifupi 3.7, unathetsa kuwolotsa katundu pamadzi. Doko linayenda motsika ndi mtsinje, Katunga, Chiromo, Port Herald, Chindio, mpaka linatuluka m'dziko. Amene anamanga doko latsopano la Nsanje, limene Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula mu Okutobala 2010, anakumana ndi mafunso awiri omwewo a 1891: madzi ndi akuya bwanji, ndipo khomo la kunyanja lili m'manja mwa yani.

Nanga bwanji Port Herald sinafote ngati Chiromo? Chifukwa pofika nthawi imeneyo inali itapeza ntchito zina zitatu zosadalira sitima ya pamadzi. Yoyamba ndi malire: njanji yopita ku Beira inkadutsa pomwepo, ndipo kasitomu sangakhale kutali ndi malire. Yachiwiri ndi msonkho. Mu 1894 nyumba iliyonse inkalipira mashiling'i 3 pachaka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 unakwera kufika pa 6, koma wogwira ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu ankalipira theka. Amesinjala ndi apolisi a boma ankazungulira midzi kuwerenga nyumba, ndipo wopanda chiphaso cha msonkho ankamangidwa kapena kumuwotchera nyumba. Anthu a kuchigwa anapeza njira yolipirira osachoka pakhomo, ndiyo thonje. Nyanja itatsika, madambo anauma n'kusiya minda ya dimba yaikulu ndi yachonde, ndipo chigwa chino chinakhala nkhokwe ya thonje lolimidwa ndi anthu akuda mu Nyasaland yense. Bungwe la British Cotton Growing Association linaika makina opunthira thonje, ndipo kuyambira 1923 linapatsidwa mphamvu yogula thonje la alimi a m'midzi. Misika ya thonje, sikelo, ndalama ndi wotolera msonkho zinkakumana malo amodzi, ndipo kawirikawiri mlimi ankalandira ndalama dzanja ili n'kupereka msonkho dzanja linalo.

Yachitatu ndi anthu. Asena ankawoloka malire kuthawa ulamuliro wa makampani a ku Mozambique, ntchito yokakamiza ya chibalo, ndi thabwa la mabowo lija lomenyera m'manja. Anabwera pang'onopang'ono kuyambira m'ma 1890, kenako mwaunyinji nkhondo ya mfumu Makombe ya ku Barue, m'dziko la Mozambique, itabuka mu 1917. Mafumu a Chimang'anja anawalandira chifukwa mudzi waukulu ndi ulemu, ndipo boma linawalandira chifukwa nyumba iliyonse yatsopano inali mashiling'i. Anadza ndi mwambo wawo wa malowolo ndi wolowa ufumu kuchimuna, pamene Amang'anja anali a chikamwini, ndipo m'kupita kwa zaka Chisena chinakhala chilankhulo cha pamsika. Dera la kumunsi limene mu 1891 linali mchira wa anthu ochepa linadzaza, moti boma silinalinso kumapeto kwa anthu ake monga likuonekera kwa inu a kumtunda.

Mafumu amene mumawadziwa lero analowa m'mabuku a boma nthawi yomweyi. Lamulo la 1912 linakhazikitsa ma Principal Headman, osankhidwa ndi bwana wa boma kuti azithandiza pa msonkho ndi pa bata, ndipo la 1933 linawasandutsa ma Native Authority okhala ndi mabwalo awoawo a milandu. Posankhapo atsamunda ankayang'ana amene angagwire naye ntchito, osati mbiri yokha, choncho ena akale anatsitsidwa ndipo ena anakwezedwa. Amene akufufuza mbiri ya ufumu wa kwawo asatenge mndandanda wa ma T/A a lero ngati chithunzi cha mmene dziko linalili Magololo asanabwere. Milandu yambiri ya ufumu imasokonekera pamenepa, chifukwa mbali ina imanena za kaundula wa atsamunda pamene inzake ikunena za manda a makolo ndi nsembe za ku Khulubvi.

Madzi aja anabwerera. Nyanja inakwera, chapakati pa zaka za m'ma 1930 inaboola mchenga wotseka potulukira, ndipo kumapeto kwa zakazo Shire anasefukira n'kumiza minda ya dimba ya ku Ndindi ndi ku Elephant Marsh. Ulimi wa thonje unagwa, mabanja anapanikizana pa kamtunda ka pakati pa mtsinje ndi mapiri, amuna ambiri anapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia, ndipo m'zaka za njala anthu ankapulumukira nyika, timizu ta maluwa a m'madzi a m'dambo. Madzi okwanira sitima anapezeka pamene sitima zinali zitapita kale. Mu 1948 mlatho woyamba wa pa Chiromo unakokoloka, ndipo wina unamangidwa m'malo mwake. Dziko litalandira ufulu mu 1964, dzina la sitima yankhondo lija linachotsedwa, boma ndi dera lonse n'kukhala Nsanje.

Vuto lanu la lero, bambo, linayamba mu 1997, pamene madzi anadula njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Makhanga n'kutsegula khwawa la Mtayamoyo. Malire a boma anatsala momwe anawaikira poganiza kuti pa Chiromo pali powolokera pouma, koma powolokerapo panachoka. Kuyambira chaka chimenecho wa kwa Mlolo wofuna siginecha ya DC amakwera bwato kukatsika ku Bangula, kapena amazungulira msewu wa tsidya la kum'mawa mpaka pa Thabwa, kuwoloka mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, n'kutsikanso chigwa chonse kudzera ku Nchalo ndi kwa Ngabu.